Kacitolilo kobisika m'phiko la ndeke

Mukakapezeka pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda ku Lusaka, kaya mwapelekeza wacibale kaya ndinu amene muli pa ulendo, mukayang'anitsitse kutsogolo kwa mapiko a ndeke zimene zaimikidwa. Ndeke za mapulopela, monga Dash 8 ya Zambia Airways, zili ndi mzele wakuda wa mphila m'mphepete mwa phiko. Ndeke zikulu-zikulu za jeti zilibe mphila. M'mphepete mwa mapiko ake muli citsulo conyezimila, nthawi zambili cosapaka penti. Ambili a ise timaona monga ni zokongoletsa cabe. Koma mizele iwiliyi ni mayankho awili a vuto limodzi lakale, vuto la aisi, ndipo kumbuyo kwa citsulo conyezimilaco kuli kapaipi ka tumabowo kamene kanavutitsa mitu ya akatswili kwa zaka zambili.

Wina angafunse kuti aisi icokela kuti kuno kwathu, kumene mu Okutobala ngakhale nkhuku zimayenda cotsegula milomo. Yankho lili pamwamba pa mitu yathu. Munthu akamakwela m'mwamba, kutentha kumatsika ndi madigili pafupi-fupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse. Conco tsiku limene mu Lusaka kwatentha madigili 32, makilomita 5 cabe kupita m'mwamba kuli kuzizila kokwanila kuumitsa madzi. Matalala amene amang'amba masamba a cimanga mu Disembala ni mboni ya zimenezi. Codabwitsa n'cakuti tumadontho twa madzi twa m'mitambo tumatha kukhalabe madzi ngakhale kuzizile kupitilila pamene madzi amaundana, nthawi zina mpaka madigili 40 pansi pa zilo. Amene anaculako botolo la madzi mu filiji lili bwino-bwino, kenaka n'kuona likuundana m'manja atangoligwedeza, anaona cinthu cofanana. Tumadontho tuja tumayembekezela cinthu cotugunda. Phiko la ndeke likatugunda, tumaundana pomwepo.

Kulemela kwa aisi si ndiye vuto lalikulu. Phiko limanyamula ndeke cifukwa ca mmene linaumbidwila, ndipo aisi ikamela kutsogolo kwake, ngakhale yocepa ndi yokhakhala monga sandipepa, mphepo siyendanso mosalala pamwamba pake. Phiko limayamba kulephela nchito pa liwilo limene woyendetsa aganiza kuti ali bwino.

Oyamba kulawa zowawa zimenezi anali oyendetsa ndeke zonyamula makalata ku America m'zaka za m'ma 1920, amene anali kuuluka usiku ndi m'nyengo yozizila, m'kati mweni-mweni mwa mitambo. Yankho loyamba linacokela ku kampani ya matayala ya B.F. Goodrich ya ku Akron, m'cigawo ca Ohio. Katswili wa mankhwala William Geer ndi anzake anapanga cikuto ca mphila comata kutsogolo kwa phiko, cokhala ndi macubu m'kati. Aisi ikaundana, macubu aja amapopedwa, mphila imafufuma, aisi n'kusweka ndi kutengedwa ndi mphepo. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930 ndeke zinayamba kuvala mphila imeneyi, ndipo ni yomweyo imene tiona pa Dash 8 lelo. Koma mphila siiletsa aisi kuundana. Imayembekezela kuti iundane, ndiye iiswe.

Ganizo lakuti bwanji osangofunditsa phiko silinali lovuta kulipeza. Injini ya ndeke imataya kutentha kwambili kudzela ku ekizozi. Mu 1931, Theodore Theodorsen ndi William Clay a bungwe la boma la America lofufuza za ndeke, la NACA, analemba lipoti loonetsa kuti kutentha kumene injini imataya n'kokwanila kuteteza mapiko. Papepala nkhani inatha. Koma opanga ndeke sanathamangile. Ndani angafune kulowetsa utsi wamoto m'phiko limene lili pafupi ndi matanki a mafuta? Ndipo panalibe amene anali kudziwa kuti kutentha kofunika n'koculuka bwanji, ndi kuti kuyenela kufika pati. Funso limeneli, lakuti koculuka bwanji ndipo pati, ndilo mbili yonse imene tikamba pano.

Munthu amene anaumilila pa funsoli anali Lewis Rodert. Analowa nchito ku NACA mu 1936 ku Langley, m'cigawo ca Virginia, ndipo mu 1941 anasamukila ku malo atsopano a bungweli a Ames ku California. Rodert sanali kukhulupilila kweni-kweni aisi yopangidwa m'nyumba zoyesela. Anali kuona kuti madzi opopela ndi makina safanana ndi mtambo weni-weni, conco njila yake inali yosavuta kuifotokoza koma yoopsa kuicita: konzani ndeke, funani mtambo umene woyendetsa aliyense wanzelu amauthawa, lowani mmenemo, yezani. Gulu lake linatenga ndeke ya Lockheed 12A n'kupititsa mapaipi a ekizozi m'kati mwa mphepete ya mapiko. Oyendetsa monga William McAvoy ndi Lawrence Clousing anailowetsa m'mitambo ya aisi mwadala, ndipo mapiko anatuluka oyela.

Utsi wa ekizozi unali ndi mavuto ake. Umadya citsulo, uli ndi mpweya wakupha, ndipo pa ndeke ya nkhondo cipolopolo cimodzi cingaboole paipi. Conco anasintha: utsi uzifunditsa mpweya woyela m'kabokosi kapadela, ndipo mpweya woyelawo ndiwo uzilowa m'phiko. Majelemani nawonso anali atafika pa nzelu yofanana, ndeke yawo ya Junkers Ju 88 inali ndi mpweya wotentha m'mapiko. Nkhondo inacititsa kuti nchitoyi ifulumile. Ndeke zonyamula katundu kucokela ku Assam ku India kupita ku Kunming ku China, kudutsa pamwamba pa mapili a Himalaya, zinali kukumana ndi aisi yoopsa, ndipo pa njila imeneyo panatayika ndeke zoposa 500 pa zifukwa zosiyana-siyana. Ni cigawo comweco ca dziko kumene asilikali a Northern Rhodesia Regiment, azigogo athu, anali kumenya nkhondo m'nkhalango za Burma. Gulu la Rodert linakonza ndeke za B-24, B-17 ndi C-46, n'kumakaziyesa m'nyengo yozizila ku Minneapolis. Mphoto ya Collier Trophy ya caka ca 1946 inapita kwa Rodert, ndipo Pulezidenti Harry Truman anamupatsa mu 1947.

Pamene Rodert anali kusaka mitambo, ena anali kumanga mtambo pansi. Mu Seputembala 1944, ku Cleveland, NACA inayamba kugwilitsila nchito Icing Research Tunnel, ngalande yaikulu ya mphepo yozungulila, yokhala ndi fani, makina ozizilitsa a kampani ya Carrier, ndi tumipopi topopela madzi. Malo oikapo cidutswa ca phiko ni mamita pafupi-fupi 1.8 kutalika ndi 2.7 m'lifupi. Ndipo apa Rodert anaoneka kuti sanali kungokana zinthu: kwa zaka zingapo tumipopi tuja tunali kutulutsa madontho aakulu kuposa a m'mitambo, ndipo zinatenga mpaka ca m'ma 1950 kuti akonze.

Gulu lacitatu linali la anthu a masamu. Irving Langmuir, amene anapata mphoto ya Nobel mu 1932, ndi Katharine Blodgett, mkazi woyamba kupata digili ya udokotala wa physics pa yunivesiti ya Cambridge, anali kugwila nchito ku General Electric. Iwo anawelengetsa njila imene kadontho kamayenda kakamayandikila cinthu cimene cili m'mphepo. Kadontho kakang'ono kamatsatila mphepo n'kulambalala phiko, pamene kakulu kamalephela kukhota n'kugunda. Lipoti lawo la 1946 linawelengedwa pa makina a magiya ndi mashafuti, agogo a kompyuta. Mu 1953, Bernard Messinger wa kampani ya Lockheed analemba masamu a kutentha pa khungu la phiko, monga buku la wosunga ndalama: kutentha kumene mphepo imacotsa, kumene kumapita ndi madzi osanduka nthunzi, kumene madzi amatulutsa akamaundana, kumene kumabwela ndi kukhuzana kwa mphepo. Zolowa ndi zotuluka ziyenela kulingana. Mapulogilamu ambili a kompyuta a masiku ano akali kuyambila pa buku la Messinger limeneli.

M'zaka zomwezo, ca kumapeto kwa m'ma 1940, ndeke za NACA zinauluka m'mitambo ya ku America kuyeza kuculuka kwa madzi ndi kukula kwa madontho. Manambala amenewo analowa m'malamulo ovomelezela ndeke, m'cigawo cimene akatswili amacichula kuti Appendix C. Mmenemo mtambo wa aisi ni wa madontho a mamaikiloni 15 mpaka 50, kutanthauza ocepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Sungani nambala imeneyi, tidzaifuna kutsogoloku.

Injini ya jeti itabwela, nkhani ya ekizozi inatha yokha. Jeti imapanikiza mpweya isanauwoche, ndipo mpweya ukapanikizidwa umatentha, monga mmene pampu ya njinga imafundila m'manja. Conco akatswili amangopatutsako mpweya woyela wotentha m'kati mwa injini, n'kuuzizilitsako mpaka madigili pafupi-fupi 200, n'kuutumiza ku mapiko. Kumeneko umalowa m'kapaipi kamene kagona m'litali mwa mphepete ya phiko, kobooledwa tumabowo twa mamilimita ocepa m'mizele. Anakapatsa dzina lakuti piccolo, limene ni dzina la kacitolilo kakang'ono ka oimba, cifukwa ca tumabowo tumeneto. Amene anaboolako hosipaipi ndi msomali kuti athilile dimba angakamvetse msanga. Pa kabowo kalikonse pamatuluka kamphepo kamphamvu kamene kamawomba khungu la phiko ca m'kati, citsulo cimafunda, ndipo kutentha kumadutsa kukakumana ndi madzi kunja.

Apa ndiye pagona nkhani. Tonse tinapuzilako phala lotentha, ndipo tidziwa kuti limazizila pamalo pamene mpweya wagunda, pambali pake likali kuwocha. Kamphepo ka piccolo kamacita cimodzi-modzi, kungoti iko kamafunditsa. Pamene kagunda pamatentha kwambili, koma masentimita ocepa cabe kucoka pamenepo mphamvu imatsika. Tumabowo tukatalikilana, pakati pamatsala malo ozizila pamene aisi imamela. Tukathithikana, mpweya wa injini umatha wambili, ndipo mpweya uliwonse wopatutsidwa ni mphamvu imene injini yataya ndi mafuta amene kampani idzalipila. Kapaipi kakayandikila kwambili khungu kapena kutalikila kwambili, kutentha sikufika bwino. Pa citsulo cafulati, ofufuza anapeza kuti kamphepo kamagwila bwino pamene mtunda wake uli pafupi-fupi kuwilikiza ka 6 mpaka ka 8 kukula kwa kabowo. Ndipo kutenthetsa mopitilila nakonso n'koopsa, cifukwa aluminiyamu imafooka ikakhala pa moto nthawi yaitali.

Palinso msampha wina umene ise timauona kukhala wocenjela kuposa yonse. Kusungunula aisi sikokwanila. Madzi akapanda kuuma n'kusanduka nthunzi pamalo ofunda, mphepo imawakankhila kumbuyo, ndipo akangodutsa malile a malo ofundawo amaundananso, n'kupanga kamzele ka aisi pamalo pamene palibe cocotsela. Conco wopanga ayenela kusankha: kaya aike kutentha kokwanila kuumitsa madzi onse, kumene kumadya mphamvu yambili, kapena alole madzi ayende n'kutsimikiza kuti aisi ya kumbuyoko sidzasokoneza ndeke. N'cifukwa cake si phiko lonse limene limafunditsidwa. Pa Airbus A320, zidutswa zitatu cabe zakunja za kutsogolo kwa phiko lililonse ndizo zimalandila mpweya wotentha. Mbali yotsalayo anaonetsa kuti ndeke ingauluke nayo ngakhale itagwila aisi.

Kwa zaka zambili akatswili anali kupanga piccolo pogwilitsila nchito masamu obweleka. Robert Gardon wa ku kampani ya Ford anayeza tumphepo totele m'zaka za m'ma 1960 ali ndi cidwi ca kuzizilitsa magalasi. Mu 1977, Holger Martin wa ku Karlsruhe ku Germany anasonkhanitsa zoyeza zambili n'kupanga masamu amene akali kugwilitsidwa nchito, ndipo ambili mwa amene anali kuwafuna anali a mafakitale oumitsa mapepala ndi nsalu. Koma pepala ni lafulati, pamene m'kati mwa phiko ni mopindika monga m'cipande, ndiponso mopanikizika. Mpweya umene wagunda kale ulibe kothawila msanga, umazungulila n'kukankha tumphepo tunzake. Masamu a pa citsulo cafulati anali kupeleka ciyambi cabe, cotsala cinali kumanga, kuyesa, kuboola kwina, kuyesanso.

Kompyuta inalowa m'nkhaniyi mocedwa. NACA inali itatseka nchito yake ya aisi mu 1957, poganiza kuti vutoli latha popeza majeti anali ndi mpweya wotentha wambili ndipo anali kuuluka pamwamba pa mitambo yambili. NASA, imene inalowa m'malo mwa NACA, inayambilanso nchitoyi mu 1978. Ku Cleveland kunabadwa pulogilamu ya LEWICE, imene inayamba kufalitsidwa ca kuciyambi kwa m'ma 1990, yolosela maonekedwe a aisi pa phiko. Ku Montreal, gulu la Wagdi Habashi linapanga FENSAP-ICE, imene kampani ya Ansys inagula mu 2015. Mapulogilamu otele amadula mpweya wa m'kati ndi wa kunja kwa phiko m'tumabokosi mamiliyoni, n'kuwelengetsa liwilo ndi kutentha m'kabokosi kalikonse. Nchito yake ni ya mbali zinayi zolumikizana: tumphepo twa m'kati, kutentha kodutsa m'citsulo, mphepo ya kunja ndi madontho ake, ndi madzi oyenda pa khungu. Yankho la mbali imodzi limasintha mafunso a mbali ina, conco kompyuta imabweleza-bweleza mpaka zonse zitagwilizana.

Phindu lake n'loonekelatu. Katswili angasinthe kukula kwa tumabowo, mtunda wake ndi kumene tuloza maulendo mazana, asanaboole citsulo ngakhale cimodzi. Koma kamphepo kogunda khoma ni cimodzi mwa zinthu zimene zimavutitsa masamu a mphepo yovundukavunduka. Njila ina yofala yowelengela, ya k-epsilon, imadziwika kuti imakokomeza kutentha pamalo pamene kamphepo kagunda. Katswili wosasamala angaone cithunzi cokongola ca mitundu yofiila pa sikilini n'kukhulupilila kuti phiko lafunda, pamene citsulo ceni-ceni sicinafike pamenepo. N'cifukwa cake zotuluka mu kompyuta amaziyelekezela ndi zoyezedwa mu ngalande ya mphepo, ndipo za mu ngalande amaziyelekezela ndi za m'mitambo.

Tsopano tibwelele ku nambala ija ya mamaikiloni 50. Pa 31 Okutobala 1994, ndeke ya American Eagle ya mtundu wa ATR 72 inali kuzungulila m'mitambo, kuyembekezela cilolezo cotela ku Chicago. Inali ndi mphila m'mapiko, mphilayo inali kugwila nchito, ndipo ndekeyo inali yovomelezeka mogwilizana ndi malamulo. Koma mtambo wa tsiku limenelo unali ndi madontho aakulu kuposa a mu Appendix C. Madontho aakulu amagunda ndi kuyendelela kumbuyo kwambili, conco aisi inaunjikana kumbuyo kwa mphila, n'kupanga kamzele kamene kanasokoneza mphepo yopita ku cipangizo copendeketsela ndeke ca kumapeto kwa phiko. Ndeke inagudubuka mwadzidzidzi n'kugwa m'munda pafupi ndi Roselawn, m'cigawo ca Indiana. Anthu onse 68 anafa.

Ngoziyi inali ya ndeke ya mphila, osati ya piccolo, koma phunzilo lake linakhudza onse, cifukwa onse anali kupimila nchito yawo pa mtambo umodzi-modzi wa m'buku. Kompyuta, ngalande ya mphepo ndi lamulo zonse zinali kuyankha bwino funso limene zinafunsidwa, ndipo funsolo linali locokela ku mitambo imene inayezedwa zaka zoposa 40 m'mbuyomo. Zimene ofufuza anacita pambuyo pake zikanamukondweletsa Rodert: mu Disembala 1994, ku Edwards ku California, anaulutsa ATR 72 kumbuyo kwa ndeke ya asilikali yopopela madzi, n'kuona ndi maso kamzele ka aisi kakumela kumbuyo kwa mphila. Mphila za ndekezi zinakulitsidwa. Ndeke zofufuzila za America ndi Canada zinabwelelanso m'mitambo kukayeza madontho aakulu, ndipo lamulo latsopano la Appendix O linatuluka mu 2014, patapita zaka 20.

Ife tiona kuti Rodert analakwitsa poganiza kuti ngalande ya mphepo sidzafika pothandiza, pakuti ija ya ku Cleveland ikali kugwila nchito mpaka lelo. Koma pa mfundo yakuti mtambo ndiwo uli ndi mau othela, mbili yamuikila kumbuyo.

Ndipo mpweya wotentha, ngakhale utawelengedwa bwino cotani, uyenela kuyatsidwa. Pa 24 Julayi 2014, ndeke ya Air Algérie ya mtundu wa MD-83, yocoka ku Ouagadougou kupita ku Algiers, inagwa ku Mali pafupi ndi Gossi, ndipo anthu onse 116 anafa. Ofufuza anapeza kuti tuzipangizo toyezela mphamvu ya injini tunatsekeka ndi aisi, ndipo zioneka kuti oyendetsa sanayatse cofunditsa ca injini. Makina anawelenga mphamvu yabodza, liwilo linatsika, mapiko analeka kunyamula. Apa sipanali pa phiko koma pa injini, komabe ni aisi yomweyo, pamwamba pa dziko lotentha kuposa lathu.

Kacitolilo kaja tsopano kali ndi wopikisana naye. Boeing 787, imene inayamba kunyamula anthu mu 2011 ndipo Ethiopian Airlines inakhala yoyamba mu Africa kuilandila mu 2012, ilibe piccolo m'mapiko. Ili ndi mphasa zotenthetsa ndi magetsi zoikidwa m'kati mwa khungu la kutsogolo kwa phiko. Magetsi amalola kuika kutentha pamalo peni-peni pamene pafunika, kuyatsa ndi kuzima cigawo ndi cigawo, popanda kulanda injini mpweya wake. Cinanso n'cakuti injini zamakono zili ndi fani yaikulu ndi mtima waung'ono, conco mpweya wopatutsa ulipo wocepa kuposa kale. Komabe ndeke zambili zimene zitela ku Lusaka, Ndola ndi Livingstone, za Boeing 737, Airbus A320 ndi CRJ, zikali kudalila tumabowo tuja. Ngakhale pa 787 yomweyo, mlomo wa injini, citsulo cozungulila cija ca kutsogolo kwa fani, ukali kufunditsidwa ndi mpweya wotentha wopatutsidwa mu injini.